Böttger: Anamutsekera Chifukwa cha Golide, Anatuluka ndi Mbale

Anzanga, mukaona makapu ndi mbale zoyera zosweka m'mashopu a ku Old Town, kumbukirani Johann Friedrich Böttger. Anabadwa mu 1682 ku Germany. Ali mnyamata ankadzitama kuti amatha kupanga golide. Mfumu Augustus ya ku Saxony itamva, inamutsekera kuti apange golideyo, moyo wake uli pachiswe. Golide sanaoneke. Koma mu 1708, mothandizana ndi katswiri Tschirnhaus, anatulukira kaumbidwe ka mbale zoterezi, zomwe azungu ankachita kugula modula kuchokera ku China. Fakitale ya Meissen inatsegulidwa mu 1710. Anamasulidwa mu 1714, n'kumwalira mu 1719 ali ndi zaka 37 zokha. Fakitaleyo ikuumbabe mpaka lero. Mukadzafikako, mudzalowenso m'nyumba yake yoonetseramo mbale zakale.