John Chilembwe ndi zimene anakaziona ku America

Tisanafike ku America tiyambe ndi mtsinje wathu womwe uno. M'chaka cha 1859 David Livingstone anakwera Shire pa sitima nafika kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa. Anapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuomba nsalu zawo, ndipo anayamba kuganiza kuti thonje la kuno likhoza kupha msika wa thonje la ku America, limene linkalimidwa ndi akapolo. Ena mwa Amakololo amene anadzabwera naye pambuyo pake anatsala kuno nakhala mafumu, ndipo Katunga anali mmodzi wa iwo. Chaka chomwecho cha 1859, ku Virginia m'dziko la America, mzungu wina dzina lake John Brown anaukira nkhokwe ya mfuti za boma pa Harpers Ferry kuti apatse akapolo zida. Anagwidwa nanyongedwa mwezi wa Disembala. Mbiri ya maiko awiriwa inadzakumana m'moyo wa munthu amene pa nthawiyo anali asanabadwe.

A John Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Chiradzulu. Bambo awo anali Myao, ndipo amati mayi awo anali Mmang'anja amene anagwidwa pa nkhondo. Ngati zinalidi choncho, za ukapolo sanakazimvere ku America ayi, zinali m'nyumba momwe anabadwiramo. Mu 1892 anayamba ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth, mmishonale wa Chingerezi amene anakhazikitsa Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Booth ankalalikira poyera kuti Afrika ndi wa Aafrika, ndipo boma silinkamukonda. A Chilembwe ankaphika, kumasulira ndi kusamala Emily, mwana wa Booth, nabatizidwa mu 1893. Masiku amenewo njanji kunalibe. Wochoka ku Blantyre pa ulendo wa kunja ankatsika phiri kudzakwera sitima padoko la kwa Katunga kapena ku Chiromo, mpaka ku Chinde. Mu 1897 Booth anawatenga a Chilembwe kunka nawo ku America.

Dziko limene anakalipeza linali pamphambano. Aafrika oyamba anawafikitsa ku Virginia mu 1619, ndipo pofika 1860 akapolo analipo pafupifupi 4 miliyoni. Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, kuyambira 1861 mpaka 1865, ndiyo inadula unyolowo. Pa 1 Januwale 1863 Pulezidenti Abraham Lincoln analengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zoukira, ndipo mu 1865 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti ukapolo uthe konse. Mu 1870 amuna akuda anapatsidwa ufulu wovota, ena mpaka anasankhidwa kukhala aphungu.

Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mu 1877 boma linasiya kuteteza akuda a kumwera ndi asilikali ake, ndipo azungu a kumeneko anayamba kulanda pang'onopang'ono zimene nkhondo inapereka. Mu 1896, kutangotsala chaka chimodzi kuti a Chilembwe afike, khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Plessy kuti kulekanitsa akuda ndi azungu m'sitima za pamtunda sikuphwanya lamulo. Tsankho linapeza pobisalira m'malamulo, m'sukulu, m'zipatala mpaka kumanda. Mu Novembala 1898, a Chilembwe ali komweko, gulu la azungu onyamula mfuti ku Wilmington, m'chigawo cha North Carolina, linapha anthu akuda ambiri ndi kuchotsa akuluakulu a mzinda amene anthu anawasankha.

Amene anawalandira a Chilembwe anali Abaptisti akuda a National Baptist Convention, makamaka Lewis G. Jordan, mlembi wa za mishoni. Anawapezera malo pa Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg, sukulu ya anthu akuda imene mkulu wake, Gregory Hayes, analinso wakuda. Tangoganizani mnyamata wa ku Chiradzulu, amene kwawo mkulu wa sukulu aliyense anali mzungu, akuona ana a akapolo akuyendetsa koleji yawoyawo. Mzindawu uli pa mtunda wosakwana makilomita 40 kuchokera ku Appomattox, kumene mkulu wa ankhondo a kumwera, Robert E. Lee, anagonjera mu Epulo 1865. Ambiri mwa okalamba a m'matchalitchi a kumeneko anabadwira mu ukapolo.

Pakati pa akudawo panali mayankho awiri. Booker T. Washington, wobadwira mu ukapolo ku Virginia komweko, amene anayambitsa sukulu ya Tuskegee mu 1881, ankaphunzitsa kuti munthu adzikweze ndi maphunziro, luso la manja ndi munda wake, ulemu ubwera pambuyo. Ena ankati kudikira n'kudzinyenga, ndipo dzina la John Brown ankalitchulabe ndi ulemu.

A Chilembwe atabwerera kumudzi mu 1900 ali mbusa, anatsata yankho loyamba kwa zaka 14. Anagula malo pa Mbombwe ku Chiradzulu nayambitsa Providence Industrial Mission. Akuda awiri a ku America anadzawathandiza mpaka 1906: Landon Cheek, amene anafika mu 1901, ndi Emma DeLany mu 1902. Anatsekula masukulu m'midzi, amayi nayamba kuphunzira kusoka, ndipo mu 1913 anamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa. Mbali imeneyi ya moyo wawo ndiyo yaitali, koma ndiyo timaikamba pang'ono.

Pafupi ndi mishoniyo panali esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata polipira malo okhala. Woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi nkhanza, ndipo matchalitchi a udzu a mishoniyo omangidwa pa esitetipo ankatenthedwa. Kunagwa njala, msonkho wa nyumba unakwera, kenaka mu Sepitembala 1914 asilikali achikuda anafa ku Karonga pa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani. A Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka akufera nkhondo yosakhala yawo. Boma linailetsa kalatayo.

Usiku wa 23 Januwale 1915 otsatira awo anaukira. Azungu atatu anaphedwa, Livingstone uja nadulidwa mutu, koma akazi ndi ana a azungu sanawaphe. Ofuna mfuti pasitolo ya Mandala ku Blantyre anapezako zochepa chabe, ndipo madera ena sanadzuke. George Mwase, amene analemba nkhaniyi ali m'ndende ku Zomba, anati a Chilembwe anawakumbutsa anthu awo za John Brown. Olemba mbiri ena amakayika. Chosakayikitsa n'chakuti magazi anakhetsedwa, ndipo amene analipira kwambiri anali anthu wamba a ku Chiradzulu. A Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, kufupi ndi malire. Anthu ngati 40 anaphedwa ndi boma, ngati 300 anamangidwa, ndipo tchalitchi cha njerwa chija chinagwetsedwa ndi mabomba.

Mishoniyo inakhala yotseka zaka 11. Amene anadzaitsekulanso mu 1926 anali Daniel Malekebu, mwana wa sukulu wa Emma DeLany, amene ali mnyamata anamutsatira mphunzitsi wakeyo mpaka ku America, nabwerako ali dokotala.