Constance Applebee: Mwana Wodwaladwala Amene Anafika Zaka 107

Mayi Constance Applebee anabadwa mu 1873 ku Chigwell, m'chigawo cha Essex ku England. Ali mwana ankadwaladwala moti maphunziro awo oyamba anachitira kunyumba. Masewera olimbitsa thupi ndi amene anawapatsa mphamvu, ndipo atakula anapita ku London kukaphunzira ntchito yophunzitsa masewera otere.

Mu 1901 anaoloka nyanja ya Atlantic kukachita maphunziro a nthawi ya tchuthi pa yunivesite ya Harvard. Kumeneko anadabwa kuona kuti akazi ankangopatsidwa timasewera ta ana, monga kulimbirana mipando nyimbo ikaima. Masiku amenewo anthu ambiri, ngakhale madokotala ena, ankakhulupirira kuti kuthamanga kwambiri kumawononga thupi la mkazi. Mayi Applebee anauza anzawowo za hockey, masewera amene akazi a kwawo ankasewera kale. Mu masewerawa timu iliyonse imakhala ndi anthu 11, ndipo amamenya kampira kolimba ndi ndodo yopindika kunsonga. Anasonkhanitsa anzawo pabwalo lina pafupi ndi nyumba yochitiramo masewera n'kuwaonetsa kaseweredwe kake.

Mmodzi mwa amene anaonerera anali Harriet Ballintine, mkulu wa zamasewera pa koleji ya akazi ya Vassar, ndipo anawaitana kuti akaphunzitse atsikana ake. Kuchokera pamenepo Mayi Applebee anayenda ndi ndodo zawo m'makoleji a akazi monga Smith, Wellesley, Mount Holyoke ndi Radcliffe. Atsikana ankathamanga atavala masiketi aatali ofika pafupifupi m'mapazi, koma masewerawo anawakonda.

Mu 1904 analembedwa ntchito yoyang'anira zamasewera pa koleji ya Bryn Mawr ku Pennsylvania, ndipo anakhalapo zaka zoposa 20. Ophunzira ankawatchula kuti The Apple. Ankadziwika kuti pabwalo sankanyengerera munthu waulesi. Mu 1922 anathandiza kuyambitsa bungwe la United States Field Hockey Association. Kenako anatsegula msasa wophunzitsirako hockey kumapiri a Pocono, kumene ankaitana aphunzitsi ochokera ku England. Mu 1924 anayambitsa magazini ya masewera a akazi yotchedwa The Sportswoman. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anasonkhetsa ndalama ku America zogulira maambulansi otumiza kwawo. Anapitiriza kuphunzitsa masewerawa ngakhale atapitirira zaka 90.

Hockey ya akazi inaseweredwa koyamba pa mpikisano wa Olympics mu 1980 ku Moscow. Mendulo ya golide inapita kwa anansi athu, timu ya Zimbabwe, dziko limene linali litangolandira kumene ufulu. Mayi Applebee anali akadali moyo. Anamwalira mu January 1981 ku England ali ndi zaka 107.

Ife a Adventist timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mulungu. M'buku la The Ministry of Healing, lotuluka mu 1905, Ellen White anaika kulimbitsa thupi pamodzi ndi mpweya wabwino, dzuwa, madzi ndi kupumula ngati mankhwala enieni. Koma tikayang'ana pabwalo lathu madzulo, kodi timaonapo ndani? Kawirikawiri amakhala anyamata, pamene alongo athu akhala pambali kuonerera, kapena ali m'chipinda ndi foni m'manja. Ena amaopa kusekedwa, ena anakula akuuzidwa kuti mtsikana wamakhalidwe sathamanga. Zimenezi ndi zomwe Mayi Applebee anapeza ku Harvard zaka zoposa 120 zapitazo. Ndodo za hockey mwina tilibe, koma mpira wa manja ulipo, msewu wothamangamo uliponso. Anyamata, tiyeni tizigawana bwalo. Atsikana, Lamlungu m'mawa valani nsapato mubwere.