Lord Shaftesbury: Phungu Amene Adaleredwa ndi Mayi Wantchito

Pa 1 Okutobala chaka chilichonse Mpingo wa Anglican wa ku Mangalande umakumbukira bambo wina dzina lawo Anthony Ashley-Cooper, amene ambiri amawadziwa ndi dzina laulemu loti Lord Shaftesbury. Bambowa sadali wansembe kapena bishopu. Adali wandale, ndipo adakhala m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lawo kwa zaka pafupifupi 60. Ndati m'kope lino tione moyo wawo, chifukwa m'nkhani yawo muli mayi wina amene dzina lake silimveka kawirikawiri, chonsecho ndiye adadzala mbewu ya zonse zimene bambowa adachita.

Anthony adabadwa pa 28 Epulo 1801 mumzinda wa London, m'banja limene ndale zidali ngati munda wa makolo. Kholo lawo loyamba kutchedwa Shaftesbury lidali nduna yaikulu ya Mfumu Charles II. Bambo ake, a Cropley Ashley-Cooper, adakhala phungu wa dera la Dorchester kwa zaka zambiri, kenaka adalowa m'nyumba yachiwiri ya malamulo yotchedwa House of Lords, momwe masiku amenewo mumakhala anthu olowa ufumu wa makolo awo, ndipo kumeneko adatsogolera makomiti kwa zaka zoposa 35. Mayi ake, Lady Anne, adali mwana wa mfumu ina yolemera kwambiri, Duke wa ku Marlborough. Minda, nyumba zikuluzikulu ndi antchito zonse zidalipo pakhomopo. Koma chikondi padalibe. Bambo adali munthu waukali woopedwa ndi ana, mayi adatanganidwa ndi maphwando, ndipo anawo amatha kugona ndi njala ndi kuzizidwa m'nyumba ya mwanaalirenji.

Amene adamuona mwanayu kuti ndi mwana ofunika kufukatidwa adali mayi wantchito wosamala za m'nyumba, dzina lake Maria Millis. Mayiyu ndiye amamukhazika pamiyendo, kumufotokozera nkhani za m'Baibulo ndi kumuphunzitsa kupemphera. Adamwalira Anthony akadali wamng'ono, ali kusukulu yogonera komweko, kumene amakhala mwamantha chifukwa cha nkhanza ndi uve. Maria adamusiyira wotchi yake ya golide. Wotchi imeneyi adayenda nayo mpaka kukalamba, ndipo amakonda kuionetsa anthu powafotokozera za mayiyu, amene amamuwerengera ngati bwenzi lake loposa onse. Akuluakulu adati mmera mpoyamba.

Ali kusukulu ya Harrow, ali ndi zaka ngati 14, adaona chinthu chimene sadachiiwale. Amuna oledzera adanyamula bokosi la maliro a munthu wosauka, akuimba nyimbo zakumowa, opanda mbale ndi mmodzi yemwe woperekeza. Pokhota msewu bokosilo lidawapulumuka n'kugwa pansi, iwo n'kuyamba kutukwana. Atakula amafotokoza kuti tsiku limenelo ndi limene adatsimikiza mumtima kuti moyo wake udzakhala wolankhulira anthu osauka.

Atatsiriza maphunziro ku Oxford adalowa ndale monga momwe banja lidayembekezera. M'chaka cha 1826, ali ndi zaka 25, adasankhidwa kukhala phungu wa dera la Woodstock, kumene mawu a akuchimuna kwa amayi awo ndiwo amalamula amene apambane. Nthawi imeneyo amatchedwa Lord Ashley. Tinene zoona, mpandowo adachita kupatsidwa ndi achibale. Nkhani yagona pa zimene adachita atakhalapo.

Ntchito yawo yoyamba idali ya odwala misala. M'chaka cha 1827 a Ashley adali m'komiti ya aphungu yofufuza za nyumba zosungiramo odwala osauka a mtunduwu. Panyumba ina ku Bethnal Green, mu London momwemo, odwala amamangidwa ndi unyolo kuyambira Loweruka masana mpaka Lolemba m'mawa, ali maliseche pa udzu, akudzithandizira pomwepo. Lolemba amawatsuka ndi madzi ozizira, opanda sopo, thaulo limodzi anthu 160. Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino timadziwa zimene unyolo umachita pakhungu la munthu, ndiponso zimene umachita mumtima mwake. M'chaka cha 1828 a Ashley adalankhula koyamba m'Nyumba ya Malamulo pothandizira lamulo loti nyumba zimenezi ziziyenderedwa. Mu 1845 adatsogolera malamulo ena okakamiza madera onse kumanga zipatala za odwala misala, ndipo iwo adakhala wapampando wa bungwe loyendera zipatalazo mpaka imfa yawo, osalandira malipiro.

M'chaka cha 1830 adakwatira Lady Emily Cowper, amene kunyumba amamutcha Minny, mayi wansangala amene amawatonthoza mtima ukawalemera. Banjali lidadalitsidwa ndi ana khumi. Patapita zaka zitatu, mu 1833, anthu omenyera ufulu wa ana ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu adawapempha kuti atenge nkhani yawo, popeza phungu amene amawalankhulira, a Michael Sadler, adagwa pachisankho. Ana aang'ono amagwira ntchito maola 12 kapena kuposerapo, ataimirira pakati pa makina ndi fumbi la thonje, miyendo mpaka kupindika. Pempho lidali loti maola akhale khumi okha. A Ashley adadziwa kuti akavomera adana ndi eni mafakitale ndiponso akuluakulu a chipani chawo, ndipo njira ya ku unduna iwatsekekera. Adafunsa kaye akazi awo, ndipo mayi Minny adawalimbikitsa kuti avomere.

Chaka chomwecho boma lidakana maola khumiwo, koma lidapanga lamulo loletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9 m'mafakitale ambiri a nsalu, n'kuika anthu anayi oyendera mafakitale m'dziko lonse. Nkhondo ya maola khumi idatenga zaka 14.

Ili mkati nkhondoyo, adatembenukira kumigodi ya malasha. Mu 1838 ana 26 adamira m'madzi mumgodi wa Huskar kumpoto kwa Mangalande, mvula yamphamvu itasefukira m'mgodimo. Mu 1840 a Ashley adapempha kuti boma lifufuze za ana ogwira ntchito, ndipo lipoti lidatuluka mu 1842. Lidaonetsa ana a zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi atakhala okha mumdima tsiku lonse, ntchito yawo kutsegula ndi kutseka zitseko za mpweya. Lidaonetsa amayi akukwawa m'njira zopapatiza, lamba m'chiuno, unyolo pakati pa miyendo, akukoka ngolo za malasha, ena ali oyembekezera mpaka masiku otsiriza. Dziko lidachita manyazi. Chaka chomwecho lamulo lidaletsa amayi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi panthaka. Komabe si onse adakondwa. Amayi ena amasiye amadyetsa ana ndi ndalama ya kumgodi, ndipo ena mwa iwo adayamba kuvala zachimuna kuti alowemo mozemba. Lamulo lidatseka khomo la mgodi, koma njala idatsala m'nyumba.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Eni mafakitale adayamba kuwaloza chala kuti akutokosa za ena pamene alimi aganyu pa minda ya bambo awo ku Dorset amalandira malipiro ochepa ndi kukhala m'nyumba zakugwa. Chowawa n'chakuti zimene amanenazo zidali zoona. A Ashley adalibe mphamvu pa minda imeneyo, ndipo atalankhulapo pagulu mu 1843 za mavuto a alimi aganyu, bambo awo adakwiya kwambiri. Kwa zaka zambiri pa moyo wawo samalandiridwa pakhomo pa makolo awo. Masiku amenewo aphungu samalipidwa, bambo samawathandiza mokwanira, ndipo chisankho cha mu 1831 chidawasiyira ngongole yaikulu. Munthu amene dziko lonse limamuona ngati bwana amalera ana khumi ndi ndalama zokongola.

Mu 1846 adachita chinthu chimene andale ambiri sangachite. Alimi a ku Dorset adawasankha kuti akateteze msonkho waukulu wa tirigu wochokera kunja, msonkho umene umakweza mtengo wa buledi. Njala itagwa ku Ireland, a Ashley adasintha maganizo n'kuona kuti msonkhowo uyenera kuchoka. Poona kuti sangavote motsutsana ndi lonjezo lawo kwa anthu amene adawatuma, adatula pansi udindo. Choncho lamulo la maola khumi litadutsa mu 1847, iwo adali kunja kwa Nyumba, ndipo amene adalitsogolera ndi a John Fielden. Adalima ndi iwo, wokolola n'kukhala wina. Atabwereramo ngati phungu wa mzinda wa Bath, adapeza eni mafakitale atapeza njira zozembera lamulolo. Mu 1850 adavomera kuti maola akhale khumi ndi theka, bola nthawi yoyambira ndi yowerukira ikhale yodziwika. Antchito amene amawaimbira m'manja dzana adawatcha wogulitsa anzake. Zimenezi zidawapweteka kwa nthawi yaitali.

Bambo awo atamwalira mu 1851, adalowa dzina la Lord Shaftesbury n'kusamukira ku House of Lords. Atayendera minda ya ku Wimborne St Giles adapeza kuti nyumba za antchito zidali zoipa monga momwe adani awo amanenera, ndipo chuma cha masiye chidadza ndi ngongole zambiri. Adagulitsa zithunzi zamtengo wapatali za makolo kuti amange nyumba zabwino. Patsogolo pake zidadziwika kuti kapitawo amene adamukhulupirira amawabera kwa zaka zambiri, chifukwa iwo amakhalira ku London ndipo za mabuku a ndalama samazitsata. Amene adawapulumutsa ndi Lord Palmerston, mwamuna wachiwiri wa apongozi awo aakazi, amene adakhala nduna yaikulu ya dziko mu 1855. A Palmerston adawapatsa mpando wa unduna koma iwo adaukana.

Maliro nawo sadawapatse mpata. Mwana wawo Francis adamwalira mu 1849 ali kusukulu ya Harrow, ali ndi zaka 16. Maurice, amene amadwala khunyu, adamwalira mu 1855 ali kutali ku Switzerland. Mary adamwalira mu 1861 atavutika nthawi yaitali ndi matenda a m'chifuwa. Mu 1872 mayi Minny adamwalira mwezi wa Okutobala, ndipo usadathe chakacho mwana wawo Constance adatsatira. M'buku limene amalembamo za tsiku ndi tsiku mumaoneka munthu wolemedwa mtima, wosachedwa kukhumudwa, wokayikira ngakhale anzake, wodziona ngati wolephera. Mabala a paubwana sadapole msanga. Koma m'buku lomwelo mumaonekanso munthu wosaleka kupemphera, ndipo mawa lake amadzuka kupita ku komiti.

Ntchito sidaime. Kuyambira mu 1844 adatsogolera bungwe la sukulu zaulere za ana ovala nsanza a m'misewu, la Ragged School Union. Mu 1855, pa nkhondo ya ku Crimea, adalimbikitsa boma kutumiza akatswiri okakonza madzi ndi ngalande za zimbudzi m'zipatala za asilikali kumene kumagwira ntchito namwino Florence Nightingale, ndipo imfa zidachepa kwambiri. Kwa zaka zoposa 30 adamenyera anyamata aang'ono amene amalowetsedwa m'machumuni kukapala mwaye, ena n'kufera momwemo. Lamulo limene lidathetsadi mchitidwewu lidadza mu 1875, iwo ali ndi zaka 74. Adalinso mtsogoleri wa bungwe lofalitsa Baibulo la British and Foreign Bible Society kuyambira mu 1851 mpaka imfa yawo.

Sindikufuna kuti tiwaone ngati mngelo. Amakonda osauka koma sadafune kuti osaukawo apatsidwe mphamvu ya voti, ndipo mabungwe a anthu apantchito samawakhulupirira. Mumpingo adalimbana kwambiri ndi ansembe okonda lubani, makandulo ndi zovala za Misa, zinthu zimene amishoni a UMCA adabwera nazo kuno ndipo ife tidakula nazo. Pakati pa iwo ndi mwana wawo wachisamba, Antony, padali kusamvana kwa zaka zambiri, ndipo mwanayo adadzipha mu 1886, patangopita miyezi isanu ndi umodzi bambo ake atamwalira. Munthu akhoza kupulumutsa ana a eni ambirimbiri, wakewake n'kumulephera. Tisaweruze, koma tiphunzirepo.

A Shaftesbury adamwalira pa 1 Okutobala 1885 ku Folkestone ali ndi zaka 84. Adakana kuikidwa ku Westminster Abbey kumene kumagona mafumu, ndipo adaikidwa kumudzi kwawo ku Wimborne St Giles pafupi ndi akazi awo. Koma pa tsiku la mwambo wa mapemphero mu London, m'mbali mwa misewu mudadzaza ogulitsa ndiwo ndi zipatso, atsikana ogulitsa maluwa, anyamata opolisha nsapato ndi ana a sukulu zaulere zija. Mnyamata amene adaona maliro a wosauka opanda woperekeza adaperekezedwa ndi osauka miyandamiyanda.

Amayi anzanga, Maria Millis sadaone lamulo ndi limodzi lomwe la malamulo amenewa. Adamwalira akudziwa chabe kuti adakonda mwana wa abwana ake ndi kumuphunzitsa kugwada. Ambiri a ife tikulera ana a abale athu amene adatisiya, ena tikulera ana a eni pantchito, ndipo ena tili ndi kamtsikana kotithandiza pakhomo kamene msinkhu wake ndi wa kusukulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tidzifunse kuti mwana amene ali m'manja mwathu lero adzatikumbuka ndi chiyani akadzakalamba. Ambuye atithandize tonse.