Wilhelm Bleek ndi Chibale cha Ziyankhulo

Wilhelm Bleek anabadwira ku Berlin mu 1827, naphunzira za ziyankhulo ku Bonn. Mu 1855 anatsagana ndi Bishopu Colenso ku Natal, ndipo mu 1856 anasindikiza The Languages of Mosambique, buku losunganso mawu a Amaravi.

Poyerekeza ziyankhulo za kuno, anaona kuti mayina amagawika m'magulu potsata phatikizo loyamba. Mchewa amati munthu, anthu. Mzulu amati umuntu, abantu. Mswahili amati mtu, watu. Kufanana koteroko sikudza mwangozi ayi: kumasonyeza kuti ziyankhulozi zinaphuka pa tsinde limodzi, ndipo kusiyana kwake ndiko kusintha kwa zaka zambirimbiri. Banja limeneli analitcha Bantu, dzina limene linafala ndi galamala yake ya 1862.

Kuyambira 1870, iye ndi mlamu wake Lucy Lloyd analemba nthano za anthu a ǀXam kuchokera pakamwa pa eni ake, omwe ena anali akaidi. Anamwalira ku Cape Town mu 1875, ali ndi zaka 48. Chiyankhulo cha ǀXam chinafa, koma masamba oposa 12,000 a zolembazo alipobe.