A Levy Mwanawasa ndi utsi umene tipuma

Wobadwira ku Mufulira sacita kuuzidwa kuti senta n'ciani. Ndi utsi wocokera kumene asungunulira kopa, umene uyabwa pakhosi, kutulutsa misozi ndi kuwaula ndiwo m'dimba. M'tauni imeneyi ndi mmene anabadwira a Levy Patrick Mwanawasa pa 3 September 1948.

Anaphunzira ku Chiwala, ku Ndola, natenga digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Mu 1991 anakhala waciwiri kwa a Frederick Chiluba. Mu December caka comweco anapulumuka ngozi yoopsa ya galimoto, ndipo mu 1994 anatula pansi udindo podandaula za ziphuphu. Analumbira kukhala pulezidenti mu January 2002. Alimife tiwakumbukira pa fataleza wotsika mtengo ndiponso pokana cimanga ca GMO m'caka ca njala cija. Za mpweya sitikambako kawirikawiri, koma nkhani ilipo.

Malamulo anawapeza alipo kale. Loletsa kuononga cilengedwe linapangidwa mu 1990, bungwe la Environmental Council of Zambia linayamba nchito mu 1992, ndipo mu 1996 anaika malire a utsi umene fakitale iloledwa kutulutsa. Koma pogulitsa migodi mu 2000, boma la a Chiluba linasaina mapangano opatsa eni atsopano zaka zambiri asanayambe kutsata malirewo. Loya wodziwa malamulo anapeza manja ali omangika. Boma lao linathetsa mapanganowo mu 2008, ngakhale cinaliwawa kwambiri cinali msonkho, osati utsi. Kwao ku Mufulira senta anapitirizabe. Pa 31 December 2013 a Beatrice Mithi, DC wa kumeneko, anafa atapuma utsiwo ali ku mapemphero a ku chalichi, ndipo makhoti anagamula kuti kampani ya Mopani ilipire banja lao. Makina ogwira utsi anamalizidwa mu 2014. Apa sitingawayamikire kwambiri a Mwanawasa: anacedwa.

Ife a ku Kanyama, Chawama, George ndi Matero tilibe mgodi pafupi, koma utsi tili nao wathuwathu. Ucokera pa mbaula ya malasha, m'milu ya zinyalala ndi mapulasitiki, m'matayala otenthedwa ndi kumbuyo kwa maminibasi okalamba. Madzulo a mu June, kukazizira, utsiwo sukwera kumwamba. Ungoyalana pamwamba pa malata, ana n'kumatsokomola usiku wonse.

Kuno dzanja lao linafikako kawiri. Mu 2007 anakhazikitsa kampeni ya Keep Zambia Clean and Healthy, a Sylvia Masebo ali nduna yoona za makhonsolo. Tinasesa ndithu, azimai a m'mipingo ali patsogolo ndi matsace ao. Koma wosesa afuna potayira, ndipo galimoto yotenga zinyalala siinali kulowa m'tinjira ta m'komboni. Mulu ukakula, macisi ndiwo anali kumaliza nchito. Mwa ici bwalo linayera, mpweya n'kuda. Kampeniyo inazilala, mpaka a Edgar Lungu anaiukitsa mu 2018, kolera itapha anthu ku Kanyama ndi makomboni ena.

Caciwiri ndico cinagwira. Mu 2008 boma lao linaletsa kukoka fodya pamalo a anthu onse, ndipo caka comweco Zambia inalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya. Akuluakulu akumbukira mmene munthu anali kuyatsira ndudu m'basi yodzaza, mai wa khanda ali pambali pake, popanda womuletsa. Lero woyesa zimenezo kondakitala amutsitsa.

Pa mbaula pokha sanafikepo, ndipo amene anabwera pambuyo pao sanafikeponso. Ndiyo itiphikira nsima magetsi akazima, ndiyonso ipha mwakacetecete banja loilowetsa m'nyumba yotseka mazenera. Malasha ake ndi mitengo ya ku Chongwe ndi Mumbwa, kumene alimi aona nkhalango zikutha.

A Mwanawasa anadwala sitiroko mu June 2008 ali ku msonkhano wa African Union ku Egypt. Anamwalira m'cipatala ca ku France pa 19 August, ndipo anaikidwa ku Embassy Park pa 3 September, tsiku limene akanakwanitsa zaka 60. Ndondomeko ya zacilengedwe imene boma lao linavomereza mu 2007 inatsogolera ku lamulo la 2011 lokhazikitsa ZEMA, patapita zaka pafupifupi zitatu iwo ali m'manda.