William Murray, Mlendo Amene Adaphunzira Chinenero Chathu

Mukaima pa mapiri a ku Dowa pafupi ndi Dzaleka, nkuyang'ana kum'maŵa, mudzaona dziko likutsetsereka kunka ku nyanja. Pakati pa zitunda zimenezo, m'mbali mwa mseu wa ku Salima, pali malo otchedwa Mvera. Kumeneko kudafika mnyamata wina wachilendo m'chaka cha 1894. Dzina lake lidali William Hoppe Murray.

A Murray adabadwa m'chaka cha 1866 ku South Africa. Atate ao adali mbusa wa mpingo wa Dutch Reformed, ndipo iwonso atakula adaphunzira ubusa. Mbale wao wina, Andrew Charles Murray, adali atatsogola kale kubwera kuno. Iyeyu pamodzi ndi mnzake T.C.B. Vlok ndiwo adayambitsa mishoni ya Mvera pa 28 November 1889, atapempha malo kwa mfumu ya Angoni, Chiwere. A William Murray atamva kuti antchito akupereŵera kumeneko, adasiya kwao ndi abale ao nanyamuka. Adali ndi zaka 28 zokha.

Masiku amenewo ulendo udali woŵaŵitsa. Kudalibe galimoto ngakhale sitima ya pamtunda. Alendo ankakwera ngalaŵa pa mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, kenaka pa nyanja ya Malaŵi mpaka ku Domira Bay. Kuchokera pamenepo ankakwera mapiri ndi miyendo, akatundu atasenzetsa amtengatenga. Kalata yochokera kwao inkatenga masabata ambiri isanafike m'manja mwao.

Nako ku Mvera moyo sudali wofeŵa. Nyalugwe ndi mikango zinkayendayenda pafupi ndi nyumba. Malungo ankagwetsa amishoni kaŵirikaŵiri, ndipo ena adamwalira akadali anyamata. Dziko nalo lidali lisanakhazikike. Malonda ogulitsa anthu adali asanatheretu, ndipo Acheŵa ambiri ankakhala m'mapiri ndi m'malinga chifukwa choopa nkhondo.

Mmishoni wa nthaŵi imeneyo sankangolalikira ai. Tsiku linkayamba ndi mapemphero a m'maŵa. Pambuyo pake pankakhala ntchito youmba njerwa, yocheka matabwa, yolima ndiwo ku dimba ndi yotsuka zilonda za odwala. Ana ankasonkhana pansi pa mtengo kapena m'kanyumba ka udzu kuti aphunzire kuŵerenga ndi kulemba. Pa nyengo ya chilimwe a Murray ankayendera midzi ndi sukulu zakutali, nagona m'hema kapena m'nyumba za eni mudzi. Chimene chinkaŵalimbitsa mtima pa zonsezi chidali chikhulupiriro chao chakuti Mulungu ndiye adaŵatuma.

Koma vuto loposa onse lidali chinenero. Munthu angakhale wophunzira chotani, akafika kuchilendo amasanduka mwana. Amayamba walakwitsa, anthu namuseka, iye nkuyesanso. A Murray adazindikira kuti sangathandize anthu amene sakumvana nawo. Motero adatchera khutu. Aphunzitsi ao adali anthu a m'midzi omwewo: akuluakulu oweruza milandu pa bwalo, amai a pa mtondo ndi ana a sukulu. Pang'onopang'ono lilime lao lidamasuka, mpaka adakhala katswiri wa chinenero chathu, chimene pa nthaŵiyo chinkatchedwa Chinyanja.

M'chaka cha 1900 mipingo ingapo idagwirizana zomasulira Baibulo limodzi loti anthu onse olankhula Chinyanja azilimva. Pa ntchito imeneyi a Murray ankathandizana ndi a Alexander Hetherwick a ku mishoni ya Blantyre. Chipangano Chatsopano chidayamba kutuluka, koma padatsala Chipangano Chakale chimene chili ndi mabuku 39 ndipo chidalembedwa m'Chihebri. Mtolo waukulu wa ntchito imeneyi udagwera a Murray, amene pa nthaŵiyo adalinso mtsogoleri wa mishoni yonse.

Kuti apeze mpata wolemba, iwo ankapita kukakhala pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera. Sankagwira okha ntchitoyi. Adali ndi Amalaŵi odziŵa bwino chinenero chao, amene ankakhala nawo tsiku ndi tsiku kusankha mau oyenera. Taganizani kuvuta kwake. Mungamfotokozere bwanji za ngamila munthu amene sadaionepo? Nanga za chipululu chopanda mtengo ndi umodzi womwe, kwa munthu wokulira m'nkhalango za ku Ntchisi? Liu limodzi lokha linkatha kuŵatayitsa nthaŵi yaitali. Ntchitoyi idatenga zaka zambiri, koma sadaigwetse mphwayi. Potsiriza, m'chaka cha 1922, Baibulo lathunthu lidasindikizidwa. Limeneli ndilo Buku Lopatulika.

Bukuli lidafika kutali. Adaliŵerenga anthu a ku Malaŵi, a kum'maŵa kwa Zambia, a ku Mozambique, ndiponso abale athu amene adapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Agogo athu ambiri adazoloŵera kuŵerenga chifukwa cha buku limeneli, pakuti m'nyumba zambiri mudalibe buku lina.

A Murray adatumikira m'dziko muno zaka 43. Adaona likulu la mishoni likusamuka ku Mvera kupita ku Nkhoma. Adaonanso Amalaŵi oyamba a mpingo wao, a Namoni Katengeza ndi a Andreya Namkumba, akudzozedwa ubusa m'chaka cha 1925. Adapuma pa ntchito m'chaka cha 1937, ndipo adamwalira m'chaka cha 1947. Sukulu ya sekondale ya William Murray ku Nkhoma idatchulidwa dzina lao.

Patapita zaka 100 chifikire a Murray, m'chaka cha 1994, ku Dzaleka kudatsekulidwa malo osungirako anthu othaŵa nkhondo m'maiko ena. Ana ao naonso adayamba kuphunzira Chicheŵa, kuyambira moni. Tsono mukamva mlendo akuphonya mau athu, musamseke. Mkonzereni mwaulemu, monga momwe anthu a ku Mvera adachitira ndi mnyamata uja.

Mafunso

1. Kodi mishoni ya Mvera idayamba liti, ndipo adaiyambitsa ndani?
2. Fotokozani njira imene alendo ankadzera pobwera ku Mvera.
3. Tchulani ntchito zitatu zimene mmishoni ankagwira kuwonjezera pa kulalikira.
4. Ndani adaphunzitsa a Murray chinenero chathu?
5. Nchifukwa chiyani ntchito yomasulira idatenga zaka zambiri?