A Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi amene adalemba Nthondo

Dzina la S.J. Nthara si lachilendo kwa ophunzira athu a Fomu 3 ndi Fomu 4, pakuti lili pachikuto cha Nthondo, buku limene lakhala pamndandanda wa mabuku a Chichewa a mayeso a MSCE. Makolo ena nawonso adaliwerenga pa nthawi yawo. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti bukuli lidatuluka mu 1933, ndipo pofika chaka chotsatira anthu a ku London adali akuliwerenga kale m'Chingerezi. Poti teremu ino anzathu ophunzitsa Chingerezi alimbikira kwambiri ntchito yowerenga ndi kumvetsa nkhani, taona kuti ndi bwino tifotokoze moyo wa mlembi ameneyu, yemwe nkhani zake zidayenda m'zilankhulo ziwiri zimene ana athu amalembera mayeso.

A Samuel Josiah Ntara adabadwa mu 1905, dziko lino likutchedwa British Central Africa. Dzina la Nyasaland lidabwera mu 1907. Adaphunzira m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed, imene idayamba ku Mvera mu 1889 n'kudzatsegula Nkhoma mu 1896, ndipo atamaliza maphunzirowo adagwira ntchito yauphunzitsi pansi pa mishoni ya Nkhoma yomweyo. Dzina lawo limalembedwa mosiyanasiyana. Mabuku ena amati Ntara, ena Nthara, ndipo buku lawo loyamba la m'Chingerezi lidalemba kuti Samuel Yosia Ntara. Onsewa ndi munthu mmodzi.

Tiyenera kukumbukira mmene maphunziro adalili masiku amenewo. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yoona zamaphunziro mu 1926 mokha, ndipo sukulu pafupifupi zonse zidali m'manja mwa amishoni. Sekondale kudalibe ndi imodzi yomwe. Yoyamba idatsegulidwa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo ya boma ya ku Dedza idadza mu 1951. N'chifukwa chake agogo athu ambiri achisilamu sadalowe m'kalasi. Makolo awo ankaopa kuti mwana akapita kusukulu ya mishoni akasiya chipembedzo chake, ndiye ankamusunga kumadrasa kokha. Mtengo wa zimenezo tidaulipira zaka zambiri, ndipo sukulu ngati yathuyi idamangidwa kuti mwana asamachite kusankha pakati pa ziwirizi. A Ntara nawo, ngakhale adali mkati mwa mishoni, sadaione sekondale imene ana athu ali nayo lero. Adali ndi maphunziro a uphunzitsi, mabuku ochepa, ndi khutu lomvetsera akuluakulu.

Mu 1926 ku London kudakhazikitsidwa bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, lomwe linkachititsa mipikisano yolemba mabuku m'zilankhulo za mu Africa. A Ntara, asanakwanitse zaka 30, adatumizako nkhani ya Nthondo ndipo idapata mphoto m'gawo la mbiri ya moyo wa munthu. Nthondo sadali munthu weniweni, adali wopeka. Koma mlembiyo adamulondola kuyambira kubadwa mpaka kumwalira monga mmene munthu amalembera mbiri yeniyeni. Timamuona Nthondo ali mwana wovuta ndi wakuba, timamuona akupita kum'mwera kukafuna ntchito monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi ya msonkho, timamuona atabwerera kwawo n'kulongedwa ufumu, ndipo kumapeto akulowa Chikhristu. M'njira monsemo wowerenga amaona miyambo ya pakubadwa kwa mwana, ya ukwati, ya maliro ndi ya milandu ya pabwalo, yolembedwa ndi munthu amene adakulira momwemo.

Amene adamasulira bukuli m'Chingerezi adali Thomas Cullen Young, mmishonale wa ku Scotland yemwe adagwira ntchito ku Livingstonia. Lidatuluka ku London mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa, ndipo mawu otsogolera adalemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi amene mu 1946 adadzakhala mkulu woyamba wa UNESCO. Apa ophunzira aone bwino. Mutu wa Chichewa udali dzina la munthu mmodzi wa pamudzi. Mutu wa Chingerezi udamusandutsa munthuyo kukhala chithunzi cha Africa yense, chifukwa owerenga a ku Ulaya ankafuna kudziwa za Mwafirika, osati za Nthondo. Nkhani ndi yomweyo, koma mutu wasintha chifukwa owerenga asintha. Mafunso a pa mayeso onena za mutu wa nkhani ndi za amene mlembi akuwalankhula amafuna diso lotere.

A Ntara sadali okha pa ntchitoyi. Ku Lesotho, buku la Thomas Mofolo lotchedwa Chaka lidatuluka m'Chisotho mu 1925 ndipo m'Chingerezi mu 1931. Kumpoto kwa Nigeria, mpikisano wina wa mu 1933 udatulutsa mabuku a Chihausa a alembi achisilamu, monga Ruwan Bagaja la Abubakar Imam ndi Shaihu Umar la Abubakar Tafawa Balewa, yemwe adadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo. Nkhani ya Shaihu Umar idamasuliridwa m'Chingerezi ndipo mu 1976 idajambulidwa filimu. Buku lotchuka la Chinua Achebe, Things Fall Apart, lidadza mu 1958, patapita zaka 25 Nthondo atatuluka. Tsono mwana wathu akamawerenga nkhani za alembi a mu Africa m'Chingerezi, adziwe kuti ambiri mwa oyambawo adayamba ndi chilankhulo cha amayi awo.

Mphoto ija sidawakhazike pansi a Ntara. Mu 1949 kudatuluka Nchowa, nkhani yopeka, ndipo chaka chomwecho Cullen Young adatulutsanso m'Chingerezi mbiri imene a Ntara adalemba ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, yodziwika ndi khama pa ulimi ndi malonda. M'Chingerezi bukuli limatchedwa Headman's Enterprise. Mu 1964 adatulutsa mbiri ya Namon Katengeza, m'busa wa ku Nkhoma. Tikaika mabukuwa pamodzi tiona kuti mlembiyu ankakonda chinthu chimodzi: kutenga munthu mmodzi wa kuno kwathu, kaya wopeka kaya weniweni, n'kumulondola moyo wake wonse. Pa nthawi imene mabuku a kusukulu ankadzaza ndi mbiri za azungu ofufuza maiko, iye adaona kuti nyakwawa ya pamudzi nayo ili ndi mbiri yoyenera kusindikizidwa.

Buku limene likutikhudza kwambiri ife a kuno ndi Mbiri ya Achewa, lomwe lidayamba kutuluka mu 1944 ndipo lidasindikizidwanso mu 1965. Zambiri za m'bukuli a Ntara adazitola pakamwa pa mafumu ndi nkhalamba zosunga mbiri. Muli za a Banda ndi a Phiri, za ulendo wa makolo polowa m'dziko lino, ndi za Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, imene likulu lake lidali ku Mankhamba. Mankhamba ameneyu ali pafupi ndi Mtakataka, m'dera lomwe ena mwa ophunzira athu amachokera m'mawa uliwonse. Patapita zaka zambiri, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adakumba pamalopo ndipo adapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, zinthu za mkuwa ndi za minyanga ya njovu, umboni woti anthu a pano ankachita malonda ndi a kugombe la nyanja ya Indian. Zotsatira zake adazilemba m'buku limene lidatuluka mu 2020. Zimene nkhalamba zidauza mphunzitsi wa ku Nkhoma, nthaka ya ku Mtakataka idadzazichitira umboni. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Mbiri ya Achewa idatuluka m'Chingerezi mu 1973 ku Wiesbaden m'dziko la Germany. Adamasulira ndi W.S. Kamphandira Jere, ndipo katswiri wa mbiri Harry Langworthy adaikamo ndemanga zake, kuyerekeza zimene a Ntara adalemba ndi zimene ofufuza ena adapeza. Izi sizidachepetse bukulo. Zidangosonyeza kuti ndi buku loyenera kuwerengedwa mozama, chifukwa mbiri ya pakamwa imasiyana malinga ndi amene akuinena ndi fuko limene akuliimira. A Ntara adamwalira mu 1976, ataona Chichewa chimene adachilembera moyo wawo wonse chikukwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968.

Pali funso limene makolo ena ndi a komiti ya mzikiti amatifunsa, ndipo ndi funso lomveka. Amati, bwanji ana athu aziwerenga buku limene limathera poti munthu walowa chipembedzo china? Yankho lathu ndi lakuti kumvetsa nkhani si kuivomereza. A Ntara adali mphunzitsi wa mishoni, ndipo Man of Africa adasindikiza ndi a Religious Tract Society, bungwe lofalitsa mabuku achikhristu. Wowerenga wozindikira amaona zimenezi, ndipo amadziwa chifukwa chake nkhani yathera pamene yathera. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti walemba ndani, akulembera yani, ndipo akufuna kuti wowerenga akhulupirire chiyani, ndi wotetezeka kuposa mwana amene tamubisira buku. Mawa adzakumana ndi nyuzipepala, mafilimu ndi mauthenga a pa WhatsApp ife kulibe, ndipo chidzamuthandize ndi luso lomweli. Ndi luso lomwelinso limene a MANEB amayesa akapereka ndime ya Chingerezi n'kufunsa cholinga cha mlembi.

Nkhaniyi si yamasewera, pakuti wophunzira akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Ambiri amene amagwa pa gawo la kumvetsa nkhani sagwa chifukwa cha mawu ovuta okha. Amathamangira mafunso asanaimve nkhani, n'kumakopera chiganizo chilichonse chimene chili ndi mawu ofanana ndi a m'funso. Ena amayankha zimene iwo akudziwa kale m'malo mwa zimene ndime yanena. Matenda amenewa amaonekanso pa Chichewa. Mwana amene sangathe kufotokoza m'mawu akeake chifukwa chimene Nthondo adachokera pamudzi, m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba, sangathe kuchita zimenezo pa nkhani ya m'Chingerezi. Kumvetsa n'kumodzi, zilankhulo ndizo ziwiri.

Tsono tikupempha zinthu zitatu zotheka. Ophunzira, mukamaliza mutu umodzi wa Nthondo, tsekani buku ndipo mulembe mwachidule zimene zachitika m'ziganizo zisanu za Chichewa, kenako muzitembenuzire m'Chingerezi. Mudzaona pamene Chingerezi chanu chikuperewera, ndipo mudzalawako ntchito imene Cullen Young ndi Kamphandira Jere adagwira. Mukafika pa mawu ngati chikamwini kapena nyakwawa, amene alibe mnzake weniweni m'Chingerezi, mudzakakamizika kuwafotokoza, ndipo kufotokozako ndiko kumvetsa.

Makolo, ngakhale inu amene simudapite patali ndi sukulu, muli ndi gawo. Muuzeni mwana akuwerengereni ndime madzulo, ya Chichewa kapena ya Chingerezi, kenako akufotokozereni. Mukapanda kumva, ndiye kuti nayenso sadamve, abwerezenso. Mumuuzenso mbiri ya banja lanu, kumene agogo adachokera, kaya ku Mangochi, ku Ntcheu kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo ailembe m'kope. Umu ndi mmene Mbiri ya Achewa idayambira. Kuno kwathu Achewa, Angoni ndi Ayao akhala moyandikana zaka zoposa 100, ndipo zambiri za mbiri ya midzi yathu, misikiti yathu ndi mashehe athu oyamba zikadali m'mitu ya nkhalamba zimene zikutha chaka ndi chaka.

Kwa a komiti, pempho lathu ndi la mabuku. Buku limodzi likamagawanidwa ndi ana ambiri, palibe amene amaliwerenga mpaka kumapeto. Tikadakonda kuti pa bajeti ya chaka chamawa paikidwe kandalama kogulira mabuku a nkhani a zilankhulo zonse ziwiri, komanso ka ulendo wa Fomu 3 wokaona nyumba yosungira zakale ya Chamare ku Kungoni, imene ili ndi zipinda zofotokoza miyambo ya mitundu itatu yonseyi. Ana akabwerako adzalemba zimene aona, tsamba limodzi m'Chichewa ndi lina m'Chingerezi, ndipo zolembedwa bwino tidzazisindikiza m'kalata ya teremu ikudzayi.